Msana wa Yotamu Ng'uni

1990

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti ndine mayi wolusa, chifukwa mwana akagwa mumtengo wa mango ndimakalipira amene akuthamangira kukamudzutsa m'malo molirira wogwayo. Sekani, mano ndi anu. Koma poti manje ndinapuma pa ntchito ndipo maso akadaona, ndati ndilembe kumene ndinatola khalidwe limeneli, kuti ndikadzapita musadzati amayi anangobadwa choncho.

Unesi ndinayambira mu 1990 pa chipatala chachikulu cha m'tauni, mu wodi ya amuna ovulala. Mkulu wathu anali metironi wina wamfupi, wa mawu okhuthala, amene sindinaonepo mano ake. Sabata yanga yoyamba anabweretsa bambo wogwira ntchito pa lole, amene anagwa kuchokera pamwamba pa matumba. Anamugoneka chagada pa bedi lopanda pilo, ndipo ine pomumvera chisoni ndinatenga pilo kuti ndimutsamiritse. Dzanja langa lisanafike pa khosi lake, metironi anali atalimenya kale. "Iwe, kwanu mumapha mbuzi?" Ndinati inde. "Ukadula msana wa mbuzi, m'kati mwa fupa mumakhala chiyani?" Ndinati mumakhala kanthu koyera, kofewa, kamene ana amakonda kuyamwa. "Basi, munthu amayendera kameneko. M'kalasi unakajambula n'kukhoza mayeso, koma manja akowa sanamve."

Anandiimika pomwepo n'kundibwerezera zonse odwala akumva. Msana si fupa limodzi, ndi timafupa tosanjikizana kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, ndipo kalikonse kali ndi bowo pakati. Mabowowo akakumana amapanga njira, ndipo m'njira imeneyo mumatsika mtsempha woyera uja kuchokera ku ubongo, kukula kwake ngati chala chaching'ono. Pakati pa fupa ndi linzake mtsemphawo umatulutsa nthambi mbali zonse ziwiri. Za m'khosi zimayendetsa mikono ndi kuthandiza kupuma, zapakati zimazungulira chifuwa ndi mimba, zam'munsi zimapita ku miyendo, ku chikhodzodzo ndi kumene munthu amagwirira chimbudzi. Mutu ukafuna kuti phazi liyende, mawu amatsikira m'menemo. Phazi likaponda munga, ululu umakwerera momwemo. Fupa likathyoka limalumikizana, koma mtsemphawo ukaduka ndiye madzi atayika, saoleka, ndipo zonse za kumunsi kwa podukapo sizimveranso mwini wake. "Ukaona wothyoka msana chala cha kuphazi chikugwedezeka," anatero metironi, "dziwa kuti mtsempha ukadalipo, koma wakhala pakati pa mafupa akuthwa. Ukamupinda, wamudula ndiwe." Anatiphunzitsa kumutembenuza tili anayi, mutu, mapewa ndi chiuno zikuyendera limodzi ngati chipika. Bambo wa pa lole uja anatuluka m'chipatala akuyenda yekha.

1993

Ananditumiza ku Chama, osati pa boma, koma kutsikira m'chigwa cha Luangwa, mbali ya ku Chikwa. Anzanga anandifunsa kuti ndalakwira yani. Inu ndinakusiyani ndi atate anu ku Lundazi kumene ankaphunzitsa, chifukwa kumene ndinkapitako malungo anali chakudya cha tsiku ndi tsiku. Kiliniki inali ya zipinda zitatu ndi kakhonde, ndipo ogwira ntchito tinali awiri, ine ndi a Daka, mkulu wa pamalopo, amene anthu ankawatcha adokotala. A Daka anali munthu wa manja abwino pa odwala, koma chigwa chinali chitawatopetsa, mkazi wawonso anakana kutsika nawo. Akati akupita ku boma kukatenga mankhwala, ankakhalako mpaka ine kuiwala nkhope yawo, n'kubwera ndi katoni imodzi ndi nkhani zambiri. Ndinkawakalipira mumtima, pakamwa ndinkangoti mwayenda bwanji.

Za kusowa kwa zinthu ndingalembe buku lakelake. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pa chingwe. Masingano a jekeseni tinkawiritsa mu poto mpaka kubuntha. Kapaipi kotulutsira mkodzo kanali kamodzi, kowiritsidwa mpaka kanayamba kumata m'manja. Wailesi yolankhulira ndi a ku boma inalipo, yofunditsidwa nsalu yoyera bwinobwino, koma batire yake inafa ine ndisanafike. Mvula ikayamba, timitsinje tonse tinkadzaza, ndipo galimoto sinkaonekanso mpaka chimanga chitauma m'munda.

Anthu ake anali abwino, Asenga olima chimanga, aulemu wochita kukuchititsa manyazi. Ankanditcha a Nesi, ndipo ankandilankhula Chinyanja chosakaniza ndi chawo pondimvera chisoni. Odwala ankabwera nawo pa njinga, atamukhazika pa kaliyala, mmodzi akukankha ena atamugwirira. Wodwala kwambiri ankamuika m'machila a bulangete lomangirira pa mtengo umodzi, ali khwinyate m'katimo, amuna awiri atasenza. Ndinaziona zimenezi zaka zitatu osadzifunsa chifukwa chake sindinaonepo wodwala akubwera atagona mowongoka.

Malichi 1996

Chimanga chikayamba kukhwima, njovu zinkabwera, ndipo amuna ankamanga nsanja m'mitengo ya m'mphepete mwa minda kuti azilondera. Yotamu Ng'uni anali ndi munda pafupi ndi kiliniki. Anali bambo wa ana anayi, wa pakamwa posatseka, amene ankati Chisenga changa chimamveka ngati cha munthu wa chimfine. M'mawa wina anakwera mumtengo wa bwemba kukakonza nsanja yake, mtanda wovunda ndi mvula n'kuthyoka. Mkazi wake, NyaZimba, anafika kwa ine akupuma mwabefu. "A Nesi, agwa. Akuti ndisawakhudze, ndiitane inu."

Yotamu ndinamupeza ali chagada, msana utagwera pa muzu. "A Nesi," anatero, "njovu zandilephera, wandigwetsa ndi mtengo wanga womwe." Ndinalowetsa dzanja pansi pake pang'onopang'ono, ndipo cha pa nthiti zomaliza ndinamva fupa litatuluka pa mzere wa anzake. Pamenepo nthabwala zinatha, anabuula. "A Ng'uni, gwedezani zala za kuphazi." Zinagwedezeka, za kumanzere mofooka. Ndinachotsa phini pa yunifolomu n'kumubaya miyendo yonse iwiri, ndipo paliponse ankati ndamva. Mtima wanga unakhala pansi pang'ono. Miyendo ya Yotamu inali ikadali yake, ndipo ntchito yanga inali imodzi, kuti asapindike.

Machila a kiliniki nsalu yake inali itang'ambika kale. Ndinatuma amuna kukazula chitseko cha chipinda cha mankhwala, poti m'menemo munalibe choti munthu n'kuba. Tinamugubuduzira pa chitsekocho monga ndinaphunzirira, ndinamumanga ndi zitenje pachifuwa, m'chiuno ndi m'maondo, amuna anayi n'kusenza pa mapewa. Titangolowa m'mudzi, amayi amene ankasinja anaponya misi pansi n'kuyamba maliro. Wina anadzigwetsa n'kumagubuduka m'matope. Yotamu ali pamwambapo ankangoti, "Ndili moyo ine, lekani," koma ndani akanamva. Ine ndinayesa ndi nkhani yodzasekera pambuyo pake.

Posachedwa pa kiliniki anafika a Lameki, mkulu wake wa Yotamu, amene anamulera atate awo atamwalira. Anali mkulu wa mpingo, munthu wofatsa. "Amama, mwatilaula. Kuno wamoyo sagona pa mapewa a amuna anayi. Chimene mwachitachi ndi chithatha, chonyamulira mtembo. Mng'ono wanga mwamuitanira manda." Ine pakamwa panga mumapadziwa. Ndinati, "A Lameki, maliro amenewo atha manje manje anthu akamuona akudya. Miyendo ikapita ndiye yapita." Ndinawafotokozera za msana wa mbuzi, za kanthu koyera kaja, za mafupa akuthwa. Anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti ndamva. Kunali kumva kwa ulemu, kumene anthu a kumeneko amamvera munthu wa boma.

Yotamu ndikanakonda kumusunga pa chitseko chomwecho mpaka fupa litagwirana. Koma dzuwa litapendeka, mkodzo unakana kutuluka mpaka ndinaika kapaipi kaja, mimba mbali ya kumanzere inalimba, mtima n'kumathamanga. Ndinaopa kuti magazi akutayikira m'kati, ndipo zimenezo mankhwala ake ndi mpeni wa dokotala. Anayenera kupita ku boma. A Daka anali komweko, wailesi ili chete. Ulendo wake unali wa miyendo, wogona panjira, mpaka pamene galimoto ingafike. Ndinatumiza munthu wa njinga kuti atsogole kukanena, ndipo ine ndinayamba kumanga kachikwama kuti ndiperekeze chitseko changa.

Koma m'chipinda china munali mtsikana wa mimba yoyamba, amene anayamba kuvutika dzulo lake, mapazi otupa, m'maso moyera chifukwa chochepa magazi. Ndinaima pakhonde, chikwama m'manja, uku ndikumva Yotamu akubuula uku mtsikana akuitana amayi ake. Mapanga awiri avumbwitsa, ana anga, ndipo tsiku limenelo ndinavumbwa ndithu. Ndinaganiza motere: Yotamu ali ndi amuna amphamvu ndi chitseko, chofunika n'kusamumasula basi, ndipo zimenezo sizifuna sukulu. Mtsikanayu akayamba kutaya magazi ine kulibe, palibe wina wodziwa pogwira. Ndinaika chikwama pansi.

Yotamu ndinamumanganso ndekha, n'kupinda nsalu m'mbali kuti asagwedezeke. Ndinawauza a Lameki kuti, "Ngakhale alire, ngakhale akutukwaneni, musamumasule. Musamukhazike tsonga. Madzi ndi phala mum'patse ali chigonere." Anati Mulungu atiyang'anira. NyaZimba ndinamuuza kuti abwereze mawu anga, ndipo anabwereza osaphonya. Asananyamuke ndinati Yotamu agwedezenso zala, ndipo zinagwedezeka. "Chitseko chanu ndidzabweza ndekha, a Nesi," anatero Yotamu, "musadandaule."

Mtsikana uja anabereka tsiku lotsatira, ndipo magazi anatsanuka monga ndinkaopera. Ndinakanikiza mimba yake ndi manja anga mpaka mikono inachita dzanzi, magazi n'kuleka. Anakhala moyo, mwana wakenso. Ndikulemba zimenezi kuti musayese ndikulapa. Lero lomwe mutandibwezera pakhonde paja, chikwama ndingaikenso pansi, ngakhale kuti zimandiwawa.

Meyi 1996

Yotamu anabwera ndi galimoto yoyamba imene inatsika m'chigwa mvula itatha. Kuyambira pa mchombo kutsika sankamva kanthu, phini ndinkabaya ngati ndikubaya dzungu. A Daka anandiuza kuti ku chipatala anamuunika n'kupeza kuti mimba ija inali nthiti zothyoka chabe, magazi sanatayikire m'kati, koma mtsempha wa msana anafika nawo utaduka kale. Ndinalowa m'chipinda chopanda chitseko chija n'kulira, ndipo sindine munthu wolira wamba.

Zimene zinachitika panjira anandiuza NyaZimba titakhala pakhonde, iye akuyang'ana pansi. Poyamba anayenda bwino. Koma mudzi uliwonse umene ankadutsa, amayi ankayamba kulira, ana ankawabisa m'nyumba, amuna ankavula zipewa n'kufunsa kuti maliro ndi a yani. Atafika kwa amalume awo kumene amati apumule, akuluakulu anawaimika kunja kwa mudzi, nati chithatha cha munthu wamoyo sichilowa muno. Anawanyoza a Lameki pamaso pa anthu kuti asandutsa mng'ono wawo mtembo pomvera mkazi wobwera. Chitseko chinali cholemera, mapewa a onyamula atasupuka, zitenje zikumudya Yotamu m'khwapa, iye akupempha kuti amupumitseko.

"Alamu anamasula okha," anatero NyaZimba. "Ine ndinanena mawu anu, a Nesi, koma pa amuna onse aja ndine yani? Sanachite mwankhanza. Anawadzutsa pang'onopang'ono, n'kuwatsamiritsa pachifuwa pawo kuti amwe phala ngati munthu. Atakhala tsonga anati, 'NyaZimba, moto watsika m'miyendo.' Kenaka anati, 'Ululu watha.' Tonse tinakondwa. Tinati phala lathandiza." Kuchokera pamenepo anamunyamula m'machila a bulangete, ndipo palibe analiranso m'midzi imene anadutsa.

Ndinanyamuka pakhondepo mutu utatentha, kulunjika kwa a Lameki ndi mawu amene ndinali nditawanola bwino. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya mng'ono wawo, atagwada pa beseni, akuchapa mabulangete amene Yotamu anaipitsira. Mwamuna wamkulu, mkulu wa mpingo, chimanga chake chikudyedwa ndi chiswe m'munda. Anali atatha thupi, kolala ya malaya ikulendewera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwabwera, amama." M'malo mowakalipira, ndinawaonetsa mmene angamutembenuzire Yotamu kuti asatuluke zilonda, ndi mmene angawiritsire kapaipi, kenaka ndinabwerera ku ntchito.

Ogasiti 1996

Zilonda zinatuluka ndithu. Munthu wosamva ululu sadziwa kuti mphasa ikumudya, ndipo pa mafupa a m'chiuno panatseguka mabala amene ndinkatsuka ndi madzi a mchere, poti china ndinalibe. Mkodzo unayamba kutuluka wamatope, thupi likutentha n'kuzizira. Ndinkadziwa kumene tikulowera, pakuti m'chigwa muja munthu wotere sakhalitsa. Yotamu nthabwala anachepetsa, koma Chisenga changa sanasiye kuchinyoza.

Masana ena NyaZimba anafika akuthamanga ngati tsiku loyamba lija, koma nkhope ikuwala. "A Nesi, mwendo wayenda. Ndimawasambitsa, mwendo wadzipinda wokha." Ndinapita naye mwakachetechete. M'nyumba munali mutadzaza anthu, ena akuimba nyimbo ya kutchalitchi, a Lameki ataima pakhomo akuseka, misozi ili mbwembwembwe. Ndinakanda pansi pa phazi ndi chivindikiro cha bolopeni, ndipo mwendo unathawa n'kudzipinda, anthu n'kuwomba m'manja. Ndinati, "A Ng'uni, tsinzinani. Ndagwira chala chiti?" Iye anapempha kuti anthu onse atuluke, a Nesi aone zilonda.

Titatsala awiri anati, "Mwendowu si ine ndikuuyendetsa. Ndikungouona ngati mmene mukuuonera inu. Ndiuzeni zoona." Ndinamuuza. Mtsempha wa msana uli ndi kanzeru kakekake. Munthu akagwira poto wotentha, dzanja limathawa mutu usanadziwe, chifukwa msana wayankha wokha. Chidutswa cha kumunsi kwa podukapo chinali chikadali chamoyo, ndipo patapita miyezi chinadzuka n'kuyamba kuyankha chokha chikakandidwa. Koma pakati pa icho ndi mutu panalibenso njira. "Ndiye sindidzayenda," anatero. Ndinati simudzayenda. Ine ndinayamba kutsuka bala.

"A Nesi, akulu anga chibwerereni ku boma sadya, sagona. Ine sindinawanenepo kanthu, ndine ndinalira kuti andimasule, koma iwo akudziweruza okha. Lero ndawaona akuseka. Inu pakamwa panu ndi pa moto, tonse timapadziwa. Ndapota nanu, musawalande chimwemwe chimenechi." Ndinati ine bodza sindinama, ntchito yanga sindiyo. "Sindinati muname," anatero. "Ndati mungodutsa."

Kudutsa kwake kunali kovuta, chifukwa a Lameki anali atakhala panja penipeni pa khomo, nsompho m'manja, mitengo iwiri yowongoka ili pambali. Anali atayamba kale kusenda makungwa. Anaimirira n'kundipatsa ulemu. "Amama, mundithandize nzeru. Ndodo zoyenderazi zifike pati? Sindifuna zidzamupweteke m'khwapa akadzayamba kuphunzira." Ndinayang'ana mitengoyo, ndinayang'ana munthuyo. M'nyumba munali zii, ndipo ndinadziwa kuti Yotamu akumvetsera. Ndinatenga mtengo umodzi, n'kuuimika pambali pawo poti msinkhu wawo ndi wa Yotamu unali umodzi, ndipo ndinati, "Musiye mpata wa zala zitatu pansi pa khwapa. Pamwamba mukulungepo nsanza zofewa." Anathokoza kawiri, n'kulemba chizindikiro ndi khala.

Yotamu anamwalira mvula isanagwe, ndi zilonda zija ndi matenda a mkodzo. A Lameki anali atamaliza ndodo zonse ziwiri, atakulunganso nsanza pamwamba pake monga ndinawauzira.